Kodi $5 patsiku ingakwane pa Google Ads kwa wokonza mafiriji ku Highfield?

Abale ndi alongo a muno mu Harare, ndithandizeni nzeru pa malonda a Google Ads, aja mumalipira pokhapokha munthu akadina.

Munthu akasaka "fridge repair Harare", otsatsa amapikisana nthawi yomweyo, ndipo sikuti wolipira kwambiri ndiye amakhala pamwamba. Google imaonanso ngati uthenga wanu ndi tsamba lofikirapo zikugwirizana ndi zomwe munthuyo wasaka. Quality Score, malikisi a 1 mpaka 10 amene Google imapereka pa ubwino wa malonda anu, ikatsika, kudina kumodzi kumadula.

Tsono titenge bizinesi yokonza mafiriji ku Highfield, ya bajeti ya $5 patsiku. Google imatha kudya mpaka $10 tsiku limodzi, koma pamwezi sipitirira $152. Ndalama yochepa chonchi broad match (yoonetsa malonda pa kusaka kulikonse kokhudzana ndi mawu amene mwasankha) imaimaliza msanga, chifukwa malonda amaonekeranso kwa ofuna ntchito ndi ofuna kugula firiji. Kodi chabwino n'kuika phrase match (yoonetsa malonda ngati kusakako kuli ndi tanthauzo la mawu anu) pamodzi ndi negative keywords (mawu oletsa malonda kuoneka) monga "jobs", "course" ndi "for sale", kapena exact match yokha (yoonetsa malonda kwa wosaka mawu anu enieniwo kapena ofanana nawo tanthauzo), ngakhale odina achepe?

Za malo, Presence (yoonetsa malonda kwa anthu amene ali kapena amapezekapezeka m'dera lanu) ndiyofunika kusankha, apo ayi mulipirira wa ku Johannesburg amene akungosaka za Harare. Koma tizungulire makilomita 10 kuti tigwire Glen Norah ndi Mbare, kapena mzinda wonse mpaka Borrowdale, mafuta a galimoto ali apo?

Chondivuta kwambiri n'chakuti makasitomala ambiri amathera pa WhatsApp. Inu mumadziwa bwanji kuti kudina uku ndiko kwabweretsa ntchito?