Kagalu kanga kakungogona usana ndi usiku, ndi matenda kapena ulesi?

Abale a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Tinagula kagalu kakamuna ka mtundu wa Boerboel wosakanizika ndi wachikuda, pano kali ndi miyezi inayi. Tinkafuna mlonda poti kuno ku Area 25 akuba anatibera kale batire la galimoto. Koma mlondayo ndi tulo basi. Kakadya phala la gaga losakaniza ndi usipa m'mawa, kamasewera ndi ana pang'ono, kenako thapsa pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Dzulo ndinatuluka cha m'ma 1 koloko usiku, ndinadutsa pambali pake, sikanagwedeze ngakhale khutu.

Chikundiopsa kwambiri ndi ichi: kakagona miyendo imaphiriphitha ngati kakuthamanga, maso amayendayenda m'kati mwa zikope, nthawi zina kamalira motsitsa. Apongozi anga akuti chimenecho ndi chiwewe chikuyamba, tikataye msanga ana asanalumidwe. Komatu katemera wa chiwewe kanabayidwa kali ndi miyezi itatu. Bambo a kunyumba akuti tinangogulitsidwa galu waulesi. Ine ndagwira njakata.

Mayankho

Mlangizi wa ziweto: Mayi, musakataye. Kagalu ka msinkhu umenewo kamagona maola 18 mpaka 20 pa tsiku chifukwa thupi likukula, ndipo Boerboel ndi galu wa thupi lalikulu, amachedwa kukhwima. Ngakhale galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14, kungoti amagona modukizadukiza. Zophiriphithazo ndi maloto. Agalu amalota ngati ife tomwe, ndipo ana agalu amaphiriphitha kuposa akuluakulu. Kayeseni kukaitana dzina kakamatero. Kakadzuka n'kukuzindikirani bwinobwino, palibe vuto. Kokomoka ndi khunyu sikadzuka mukakaitana, thupi limauma gwa, nthawi zina kamakodza kapena kutuluka thovu. Musakagwire modzidzimutsa kali mtulo, kangakulumeni mosadziwa.

Bambo wa ku Zomba: Hahaha mayi, mwalemba ntchito mwana wa miyezi inayi kuti akhale mlonda wa usiku? Dikirani kathe chaka. Wanga ankagona chonchi, pano ngakhale mphaka sadutsa pampanda.

Mayi wa ku Chilomoni: Ine ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Wanga anayamba kugona kwambiri, ndinkati ndi kutentha kwa mu October, osadziwa kuti ndi matenda a nkhupakupa. Anasiya kudya, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Pomwe ndimathamangira kwa dokotala wa ziweto magazi anali atatha, anatsala pang'ono kufa. Kwezani mlomo wake muone nkhama. Zikakhala zofiirira, ali bwino. Zikakhala zotuwa kapena zachikasu, musadikire mawa. Muyang'anenso m'makutu ndi pakati pa zala, nkhupakupa zimakonda kubisala mmenemo.

Mlangizi wa ziweto: Mayiwa akunena zoona. Ndiwonjezere njoka za m'mimba ndi matenda a parvo, omwe amagwira ana agalu m'matumbo. Kagalu kofooka, kosanza, kotsegula m'mimba za magazi, imeneyo ndi nkhani ina. Poti muli ku Lilongwe, a LSPCA, bungwe losamalira nyama, angakayeze ndi kukapatsa katemera wotsala. Za chiwewe auzeni apongozi kuti galu wachiwewe amasintha khalidwe ali maso, malovu amangochucha, amavutika kumeza. Sachita kudikira kuti agone.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndakweza mlomo, nkhama zili zofiirira, ndipo kadya mbale yonse mpaka kunyambita. Ndapeza nkhupakupa ziwiri kukhutu, ndazichotsa. Ndinakaitana kali pakati pophiriphitha, kanadzuka n'kugwedeza mchira kenako n'kugonanso pomwepo. Koma katemera wa parvo wogulitsa uja sanatiuze ngati anakabaya. Kodi pa miyezi inayi tachedwa, kapena tingayambe pano? Nanga mankhwala a njoka za m'mimba ndizikapatsa pakapita nthawi yaitali bwanji?