Tsiku lowonjezera pa daterange mu Ecto

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikulemba pulogalamu ya Elixir yosungitsira zipinda pamalo ena ogona alendo, ndipo masiku a mlendo aliyense ndawaika mu column imodzi ya daterange (mtundu wa deta wosunga tsiku loyambira ndi lotsiriza pamodzi) mu database ya PostgreSQL, kudzera mu Ecto, library ya Elixir yogwirira ntchito ndi database. Ndikasunga Postgrex.Range (struct ya Postgrex, library yolumikiza Elixir ndi PostgreSQL) yoyambira pa 1 Malichi kulekezera pa 5 Malichi, powerenga imabwera ndi 6 Malichi, moti lisiti ikulipiritsa mlendo usiku womwe sanagone. Kodi ndasokoneza pati?

Woyankha woyamba: Database sinalakwitse, achimwene. PostgreSQL imakonza daterange iliyonse, monganso int4range ndi int8range, kuti malire oyambira awerengedwe koma otsiriza asawerengedwe. Postgrex.Range nayo, mukapanda kuiuza, imaika upper_inclusive kukhala true, kutanthauza kuti malire otsiriza awerengedwenso. Choncho inu munasunga masiku asanu, kuphatikizapo la 5, ndipo database yakubwezerani masiku omwewo polekezera pa 6 osaliwerenga. Mu dump ya Ecto.Type yanu (function yokonza deta isanalowe mu database) ikani upper_inclusive: false, chifukwa tsiku lomwe mlendo akunyamuka sagonanso m'chipindamo, ndipo mlendo wina ayenera kuloledwa kulowa tsiku lomwelo.

Woyankha wachiwiri: Ndikugwirizana nawo bambowa, koma ndikuchenjezeni pa Date.Range ya Elixir, yomwe imawerenga malire onse awiri. Ine ndinaigwiritsapo ntchito mu load (function yolandira deta yochokera mu database) ndipo vuto lomweli linabwerera mwakachetechete, mpaka ndinapanga struct yangayanga ya tsiku lofika ndi lonyamuka. Musaiwalenso kuti Postgrex imatha kubweza :unbound (range yopanda malire) kapena :empty (range yopanda tsiku lililonse), ndiye load ikhale ndi clause ya chilichonse mwa izi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti simunatchule exclusion constraint, lamulo la mu database loletsa kuti masiku a alendo awiri awombane m'chipinda chimodzi. Kufufuza kaye mu Elixir ngati chipinda chilibe munthu sikokwanira, pakuti alendo awiri akasungitsa nthawi imodzi onse adzapeza chipinda chopanda munthu. Yatsani extension ya PostgreSQL yotchedwa btree_gist, kenako muike EXCLUDE USING gist (chipinda_id WITH =, masiku WITH &&), ndipo mu changeset (momwe Ecto imafufuzira deta isanasungidwe) muitane exclusion_constraint kuti cholakwika cha 23P01, chomwe PostgreSQL imabweza lamuloli likaphwanyidwa, chisanduke uthenga womveka kwa wosungitsa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri bambo ndi mayi, dump ndaikonza ndipo usiku ukuwerengeka bwino tsopano. Mizere yakale ndiikonza mu migration ndi daterange(lower(masiku), upper(masiku) - 1) ndisanaike constraint. Pali mizere ingapo ya alendo ofika ndi kunyamuka tsiku limodzi, yomwe ikhala empty, ndiye imeneyo ndiyamba ndaipatula kuti ndifunse eni malowo momwe amalipiritsira.