Za mphwanga ali mu county jail uja, nayi update

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingathandizire mphwanga amene anatsekeredwa mu county jail (ndende ya county, dera lokhala ngati boma kwathu) ku Indiana, ku America, akudikira mlandu wake. Ndinatsatira malangizo a achemwali aja oti ndiyambe ndi kuika ndalama pa commissary account yake (akaunti yogulira zinthu mu shopu ya m'ndendemo), ndipo zathandiza kwambiri chifukwa mkatimo kumazizira koopsa, ndiye wagula malaya amkati otentha, sopo ndi ma ramen noodles poti chakudya chamadzulo chimabwera molawirira, usiku njala imamupweteka.

Achimwene amene munati tisamakambe za mlandu pafoni munanena zoona, mafoni onse amajambulidwa komanso ndi olipira, ndiye timangokamba za kumudzi basi, zinazo ndi za iye ndi public defender wake (loya wopatsidwa ndi boma).

Mabuku osatumiza nokha, amabweza. Ayenera kuchokera kwa ogulitsa mwachindunji, achikuto chofewa. Kumuona ndi pa video, muyenera kubukitsa nthawi.

Za bail bondsman (anthu oikira womangidwa chikole cha belo, inu n'kuwalipira 10% ya ndalama za beloyo) sitinapange, 10% yawo ija sibwerera ngakhale mlandu utatha, tangosonkherana pachibale. Malamulo amasiyana county ndi county, yambani mwaona webusaiti ya sheriff wa komweko (mkulu wa apolisi a county amene amayang'anira ndendeyo).