Ndani anayendapo Alpine Loop ku Colorado nthawi ya masamba achikasu?

Abale amene muli kuno ku America tandithandizeni maganizo. Ine ndi akazi anga tikufuna tipite ku Colorado tikaone mitengo ya aspen ija ikasanduka chikasu phiri lonse, tasankha Alpine Loop, msewu wafumbi wa mamayilosi pafupifupi 65 wolumikiza Lake City, Silverton ndi Ouray.

Funso langa lalikulu ndi la nthawi. Masamba amapsa bwino chakumapeto kwa Seputembala koma kumtundako chipale chofewa chimabwera msanga, Engineer Pass yokha, pamene msewuwu umadutsa pamwamba pa phiri, ndi yokwera mamita pafupifupi 3,900, ndiye ndikuopa kuti tikachedwa mpaka Okutobala tikapeza masamba ayoyoka kale msewu nawo atseka. Inu munapita sabata iti?

China ndi galimoto. Yathu ndi yotsika siingakwanitse miyala imene ija, ndiye tihaye Jeep kapena timagalimoto totseguka m'mbali tija ta side-by-side? Mayi akunyumba sagwirizana ndi fumbi komanso kuzizira nde ine mtima uli pa Jeep, kungoti sindinayendetsepo njira yopapatiza yoti mbali inayi ndi phompho basi, mukakumana ndi mnzanu wina abwerere chammbuyo. Mbali ya Mineral Creek kuchokera ku Ouray ndiyovuta kwambiri, kodi munthu wongoyamba kumene bola kuyambira ku Silverton kudutsa Animas Forks kenako Cinnamon Pass?

Komanso za mpweya wochepa kumtunda, mutu sunakupwetekeni? Tigone kaye ku Silverton thupi lizolowere? Amene munayendako chonde ndiuzeni musanditaye.