Za makalasi olipira aja: mwana walemba, nazi zomwe ndaona

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati n'koyenera kulipira makalasi okonzekera mayeso olowera kusukulu ya zachipatala. Ena munati ndi kuwononga ndalama, ena munati tiyese. Tinagulitsa matumba awiri a mpunga wa kilombero kuno ku Nkhotakota n'kumulipirira mwana wanga wamkazi masabata 6 ku Salima boma.

Choyamba ndikonze pomwe ndinasokoneza m'funso langa lija: ndinasakaniza njira yolowera ku udokotala ndi ya ku koleji ya unamwino. Kwa wochokera ku Fomu 4 amene akufuna udokotala ku KUHeS, yunivesite ya za umoyo yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, chachikulu ndi mapointi a MSCE, ndipo kusankha kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji. Wangayu amakonzekera mayeso a koleji ina ya unamwino.

Kodi anapindula? Eya, koma osati monga eni makalasiwo anatilonjezera. Biology ndi Chemistry sanaphunzire chatsopano, zinali za m'makope ake omwe. Chomwe chinamuthandiza n'kulemba mayeso oyeserera Loweruka lililonse, wotchi ili pakhoma. Mwanayu ndi wodekha kwambiri, amatha kukakamira funso limodzi nthawi n'kumuthera. Pofika sabata yachinayi anali atazolowera kudumpha lovuta n'kudzalibwerera pambuyo. Analinso ndi anzake awiri omwe amafunsana nawo madzulo, ndipo iye akuti amenewo ndiwo anamulimbitsa mtima.

Chinandipweteka n'chakuti m'kalasi munali modzaza ngati minibasi ya ku Dwangwa, ndipo mphunzitsi wa masamu anajomba kanayi osabweza kalikonse.

Zotsatira sizinatuluke. Mng'ono wake akafika pamenepa, ndalama ndidzaziika pa sayansi ya Fomu 3 ndi 4.