Khadi la malupanga 9 landitulukira mozondoka, nkhawa zanga zikutha kapena zikukula?

Telala wa ku Chilomoni

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga muno osalembapo kanthu, koma lero ndati ndifunse, chifukwa nkhani iyi sindingaifunse kutchalitchi kapena kwa anzanga a pakhonde pomwe ndimasokera.

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg chaka chatha anandisiyira makhadi a tarot, aja a zithunzi okhala m'kabokosi kachikasu. Anandionetsa pang'ono kachitidwe kake: usakanize, ufunse funso chamumtima, kenako utulutse khadi. Ine ndinangowaponya pansi pa sutikesi, miyezi n'kumapita. Ndiye Lachitatu lapitali cha m'ma 2 koloko usiku, tulo titakana ngati masiku onse, magetsi atathima, ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuwatenga. Ndinatulutsa limodzi lokha. Linatuluka mozondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba.

Nditalitembenuza kuti ndione bwino, ndinagwidwa nthumanzi. Pali munthu wakhala tsonga pabedi, wagwira nkhope ndi manja onse awiri, kumbuyo kwake kuli bii, ndipo pakhoma pandandalikidwa malupanga 9. Abale anga, mmene wakhalira munthu ameneyo ndi mmene ndinakhalira ine nthawi yomweyo, kusiyana kwake n'koti ine pambali panga panali abambo akunyumba akuliza mkonono. Mlamu anandiuza pafoni kuti dzina lake ndi Nine of Swords, koma tanthauzo lake likazondoka anati waiwala.

Ndafufuza pa intaneti mpaka bandulo kutha. Ena akuti likazondoka ndiye kuti mavuto akutha, kunja kukucha. Ena akuti ayi, ndiye kuti nkhawa zalowa mkati, zafika poipa kuposa likanatuluka choongoka. Nanga khadi limodzi linganene zinthu ziwiri zotsutsana? Ndakhala ndisakugona bwino kuyambira mwezi wa September. Amene mumadziwa za makhadiwa ndithandizeni, zoona ndi ziti?

Mkulu wa ku Mpingwe

Achemwali, pepani ndi kusowa tulo. Ine ndayamba kalekale kuwerenga makhadiwa, ndipo khadi limeneli ndimalidziwa chifukwa nanenso linkanditulukira nthawi imene ntchito inanditha.

Ndiyambe ndi pomwe pakusokonezani. Palibe buku limodzi la malamulo limene owerenga onse amatsata. Tarot inayamba ngati masewera wamba kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400, ndipo zoti anthu azifunsirapo za moyo wawo zinadzafala ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Amene muli nawo inuwo anatuluka ku London mu 1909. Anajambula ndi mayi wina dzina lake Pamela Colman Smith, motsogozedwa ndi Arthur Edward Waite. Makhadi ambiri akale pa nambala 9 ankangojambulapo malupanga okhaokha, opanda munthu, opanda bedi. Munthu wolira mwamuonayo anamuikapo ndi mayi ameneyu.

Mwa makhadi 78, alipo 22 akuluakulu, ndipo 56 otsalawo ali m'magulu anayi: ndodo, zikho, malupanga ndi ndalama. Gulu la malupanga limakamba za m'mutu, maganizo ndi mawu. Ndiye tengani khadilo masana, osati usiku, muliyang'anitsitse. Palibe lupanga ngakhale limodzi lomwe lamubaya munthuyo. Onse ali kumbuyo kwake, ndipo iye sakuwayang'ana n'komwe chifukwa waphimba maso. Mukaona la nambala 10 ndiye mupeza munthu wagona chafufumimba, malupanga 10 atazikika pamsana. Pa 9 zimenezo sizinachitike, munthu akuvutika ndi zimene akuopa. Onaninso chofunda chake, chili ndi maluwa ofiira ndi zizindikiro za nyenyezi. Thupi lili pofunda, mutu ndi umene uli pamphepo.

Za kuzondoka. Waite mwini wake analemba kuti likazondoka limakamba za kumangidwa, kukayikirana, kukayika, mantha okhala ndi chifukwa chake, ndiponso manyazi. Zoti mavuto akutha anabwera nazo ndi owerenga a pambuyo pake, poganiza kuti khadi lowawa likatembenuka mphamvu yake imachepa. Alipo enanso amene sawerenga n'komwe makhadi ozondoka, amangolitembenuza basi. Ine ndimatsamira ku mawu aja akuti manyazi. Pa anthu amene ndawawerengerapo, khadi ili likazondoka nthawi zambiri pamakhala chinthu chimene munthu wachisenza yekha, osauza ngakhale amene amagona naye chipinda chimodzi.

Koma simunatiuze chinthu chachikulu. Munafunsa funso lanji musanalitulutse?

Mayi wa Mvano, Chilobwe

Mwana wanga, ndisakunamize, ine za makhadi sindigwirizana nazo. Kwa ine n'chimodzimodzi kuombeza ula, ndipo ndikanakonda ukanawabweza kwa mlamu wakoyo. Koma sindinabwere kudzakukalipira. Chandilembetsa ndi 2 koloko ya usiku imene watchulayo, chifukwa ndimaidziwa bwino.

Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu March 2023, nyumba yathu inatsala, koma anthu amene tinkapemphana nawo mchere anapita. Kuyambira pamenepo mvula ikangoti tho tho padenga la malata, ine ndinkadzuka n'kukhala tsonga ngati munthu wa pakhadi lakoyo, kumvetsera ngati phiri likulira. Masana ndinkavala yunifolomu yanga, kupita kukatonthoza anamfedwa, kuimba nyimbo, aliyense n'kumati amayi awa ndi olimba mtima. Usiku ndinkanjenjemera ndekha. Ndinkaona ngati ndikanena, anthu ati chikhulupiriro changa chachepa.

Chinandimasula ndi tsiku lina Lachinayi titaweruka kumapemphero, mayi mnzanga anandiuza kuti iye amagona atavala nsapato kuti zikavuta athawe msanga. Ndinalira pomwepo, ndipo ndinamuuza zanga zonse. Mantha sanathe tsiku lomwelo, koma usiku umenewo ndinagona mpaka tambala woyamba. Mutu umodzi susenza denga, mwana wanga. Chikukudya n'chiyani?

Telala wa ku Chilomoni

Zikomo achimwene, zikomo amayi. Ndawerenga kangapo, ndipo mawu oti manyazi andilasa. Ndinene basi, poti muno simundidziwa nkhope.

Funso langa linali loti, kodi ndiwauze abambo akunyumba?

Mwezi wa May ndinatenga K400,000 kubanki mkhonde ya gulu lathu, m'dzina langa, n'kupatsa mchimwene wanga wamng'ono kuti apite ku Joni. Anati akangoyamba ntchito azitumiza mwezi ndi mwezi. Anatumiza kamodzi. Kuyambira August foni yake siikupezeka. Sindikudziwa ngati wandithawa, ngati wamangidwa, kapena ngati ali moyo. Chiwongoladzanja chikukwera, ndipo gulu limagawana ndalama mu December. Amayi amenewo akudikira ndalama zawo kuti agule feteleza ndi kulipira fizi ya ana. Abambo anandiletsa kale za kubwereka ndalama chifukwa cha abale, ndiye sakudziwa kalikonse.

Zitenje zimene ndinkavala bwino pano zikuzungulira kawiri. Sabata yatha ndinadula molakwika nsalu ya kasitomala ya chinkhoswe, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire kusoka. Mtima umagunda ngati ndathamanga chikwere phiri la Michiru, mutu umawawa kumbuyoku, ndimangomwa panado. Wina wandiuza za munthu wa katapila ku Limbe amene angandipatse ndalama yonse tsiku lomwelo. Nthawi zina usiku ndimaganiza kuti bola ndikanangosowa, onse apume.

Namwino wa ku Ndirande

Asisi, za makhadi ndisiyira achimwene a ku Mpingwe. Ine ndaima pa mawu anu omaliza, ndipo ndikufunsani mosazungulira chifukwa ndi mmene timafunsira kuntchito: kodi mukamati kusowa, mukuganiza zodzipha? Ngati yankho ndi inde, ngakhale pang'ono, musadikire kuti kuche kawiri. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, musagone nokha, ndipo ngati m'nyumba muli mankhwala oopsa apatseni ena akusungireni. Kenako pitani kuchipatala.

Ngakhale yankho litakhala ayi, pitanibe. Kusagona, kuonda, kulephera kuika maganizo pantchito, kudziona ngati mtolo kwa ena, izi zikapitirira masabata awiri timaziona ngati matenda ofunika chithandizo, ndipo inu mwatha miyezi. Si misala ayi. Anthu ambiri akamva za matenda a maganizo amangoganiza za ku Zomba, n'kuthawa. Chonsecho mukhoza kuyambira pachipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Queens komwe kuli madokotala oona za maganizo. Ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mukapita musangonena kuti mutu ukuwawa, mudzabwerako ndi panado yemweyo. Nenani kuti simukugona kuyambira September, mwaonda, ndipo mumaganiza zosowa. Apempheni akuyezeninso BP ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa magazi akachepa mtima umathanso kugunda motero.

Mankhwala ogonetsa ogula pamsika musayerekeze, ena amazolowereka m'thupi ndipo kuwasiya kumavuta. Katapila nayenso ayi, mukhala mwachotsa ngongole kwa amayi okudziwani n'kuipereka kwa munthu amene adzabwera kudzanyamula makina anu osokera.

Chinanso, mwa makhadi 78 amenewo alipo ena a zithunzi zoopsa kuposa limeneli. Munthu wosagona akamawatulutsa pakati pausiku, tsiku lina adzakumana nalo lomuopseza kwambiri pa nthawi imene mutu wake sungathe kulimbana nalo. Musawatsegulenso usiku.

Mkulu wa ku Mpingwe

Anamwino anena zoona, ndipo ine ndimauza aliyense kuti asabwereze funso limodzi kawirikawiri. Pa funso munafunsalo, achemwali, matanthauzo awiri aja sakutsutsana. Khadi silikudziwa kumene kuli mchimwene wanu, ndipo silingalipire K400,000. Langokuonetsani munthu wophimba nkhope. Akapitiriza kuphimba, ndiye kulowa mkati kuja. Akachotsa manja n'kuyang'ana malupangawo limodzilimodzi, ndiye kucha kuja. Mwa malupanga anuwo, la gulu ndi limene lili ndi tsiku. Pitani kwa atcheya a gulu pano November asanathe, muwauze zimene mungakwanitse kubweza. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Telala wa ku Chilomoni

Anamwino, ndikuyankheni moona. Sindinakonzepo chilichonse, koma ganizolo limabwera, makamaka usiku. Nditawerenga zanu ndinaitana mkulu wanga wa ku Chirimba, wagona kuno masiku awiri, ndipo mawa m'mawa tikupitira limodzi kuchipatala. Ndalemba pakapepala zimene munati ndikanene kuti ndisakachite manyazi pamaso pa dokotala.

Dzulo madzulo ndinapita kwa atcheya. Ndinalira ndisanayambe n'kuyankhula komwe. Sanakondwe, ndipo anandiuza mosabisa kuti nkhaniyi iyenera kupita ku gulu lonse Loweruka. Koma anati ndibwere ndi ndalama iliyonse imene ndingapeze pa mayunifolomu ndi madiresi a Khirisimasi, ndipo iwo ayamba ndi kuyankhula. Makhadi ndawabwezera m'sutikesi, amayi a ku Chilobwe.

Abambo sindinawauzebe. Mkulu wanga wati akhalapo ndikamawauza, Lachisanu akaweruka kuntchito, kuti asakamve kwa anthu Loweruka. Ngati alipo muno amene ali ndi m'bale ku Johannesburg wodziwa mmene tingafufuzire munthu wosowa, chonde andilembere kumbali.