Aganyu a mu D&D andimaliza mutu, thandizeni

Membala wosadziwika
Admin chonde musakane post yangayi. Ndimayendetsa gemu ya Dungeons & Dragons (D&D, gemu ya patebulo ya nthano ndi madayisi) Lamlungu masana kuno ku Turffontein, timakumana mu garaja ya alamu anga. Vuto ndi aganyu amene anyamata analemba mu gemumo, onyamula katundu, wogwira nyale ndi ena a mikondo. Ndikamawalankhulitsa akuti ndikudya nthawi, ndikawasiya chete amaiwalika mpaka tsiku lina tatuluka mu dungeon (mapanga a pansi pa nthaka) wina nkufunsa kuti kodi wanyale uja ali kuti, chonsecho tinamusiya pansi kalekale. Ndiye pali wosewera mmodzi, sinditchula dzina koma akudzidziwa, amatsogoza aganyu kuti aziponda misampha, akafa akuti tikalemba ena kutauni. Yemweyo amafika mochedwa, sabweretsa ngakhale buledi, madayisi anga ofiira anabwereka nthawi yozizira mpaka lero zii. Alamu nawonso ayamba kudandaula za magetsi ngati tikuphika nyemba mu garajamo. Ine ndimagwira ntchito usiku, mapu ndimajambulira mu taxi. Nditani? Kapena ndingowapha onse aganyuwo?

Mkulu wa Madayisi
Mukusewera edition yanji? Musayankhe nkomwe, ndadziwa kale kuti ndi 5e, yachisanu ija, ana a masiku ano nonse mumathamangira komweko. Mverani. Pomwe Gygax ndi Arneson ankatulutsa gemuyi mu 1974 munthu sunkalowa pansi wekha ngati ngwazi ya mu filimu, unkalemba anthu. Mu edition ya Basic ya 1981 zonse zinalembedwa bwinobwino, Charisma (chikoka cha munthu wako mu gemu) ya pakati, 9 mpaka 12, imakupatsa otsatira anayi basi, morale (kulimba mtima) yawo 7. Ukakhala ndi 18 ndi anthu 7, morale 10. Ulendo ukatha DM, woyendetsa gemu, amaponya madayisi awiri a mbali 6 (2d6), nambala ikaposa morale munthu wakusiya ameneyo. Nkhani yatha. Inu mukulira chani?

Tchona Original
Kuwapha onse?? kkkkk achimwene khalani ndi chisoni, ife tomwe ndife aganyu kuno ku Joni. Ine ndinagwirapo garden kwa bwana wina ku Randburg, kudula mitengo, kupenta mpanda, kusambitsa agalu, pakutha pa mwezi akuti bwera Lachisanu, Lachisanu lake mpaka geti anasintha loko. Ndikanakhala ndi morale yanuyo ndikanathawa sabata yoyamba.

Mayi a Twins
Lamlungu anzanu ali ku tchalitchi inu muli mu garaja kuitana ziwanda ndi timiyala. Makolo kumudzi akudikira ndalama ya fetereza. Zitayeni izi.

Wa ku Mayfair
Mayi ndi masamu ndi nthano chabe, palibe chiwanda apa. Kwa mwini funso, pa ndewu musamawayendetse inu aganyuwo, gawirani osewera aliyense wake, inu mungotsala ndi mphamvu yokana. Akati wanyale alowe mkamwa mwa chinjoka inu mukuti ayi, wakana, waponya nyale pansi.

Mkulu wa Madayisi
@Wa ku Mayfair kukana ndi pakamwa ndi kukondera kumeneko, osewera adzati DM akutida. Madayisi ndiwo akane. Ndanena kale 2d6. Komanso wotsatira amadya nawo chuma ndi XP (mapointi okwerera level), amalandira theka, ndiye munthu amaganiza kawiri asanalembe chigulu. Inu a 5e mumafuna antchito aulere.

Wa ku Mayfair
Aulere bwanji akulu, mu Player's Handbook ya 2014 muli mitengo, waluso 2 gp (ndalama za golide) pa tsiku, wamba 2 sp (za siliva). Ndipo mu buku la DM muli loyalty (kukhulupirika kwa waganyu) yoyambira 0 mpaka 20, imayamba pa theka la Charisma ya amene ali nayo yambiri pagulupo, ukamuchitira nkhanza imatsika. Muziwerenga musanatukwane.

Mkulu wa Madayisi
Lamulo losankha kutsatira kapena ayi, lobisika mkati mwa buku, ndani amaligwiritsa? Ine gulu langa linatha chifukwa cha zomwezi, anabwera mnyamata ndi mabuku ake onyezimira nkuwakopa onse, ndinatsala ndi mapu okhaokha.

Chemwali wa Night Shift
Mwina sanathawe chifukwa cha mabuku akulu 😂

Mphwanga wa ku Yeoville
Za woponda misamphayo ndi zosavuta. Waganyu akafa, pobwerera kutauni apeze mkazi wake ndi ana akudikira pa geti, akufuna mtembo upite kumudzi komanso chipukuta misozi, ndipo mfumu ya mudziwo yaitanitsa mlandu. Mbiri ifalikire kuti gulu ili limadya anthu, akapita kukalemba ena mtengo wakwera katatu ndipo obwera ndi zidakwa ndi mbava zokhazokha. Simufunika kumukalipira, thumba lake la golide limulangiza lokha. Ine ndinawachita choncho anzanga, mpaka anayamba kumugulira chishango mnyamata wonyamula chingwe.

Tchona Original
Za mtembozo musaseke, mukudziwa mmene timasonkhera kuno kuti munthu akagone kwawo. Osewera anu alira zenizeni.

Membala wosadziwika
Zikomo nonse. Koma vuto lina ndi loti wamisamphayo ndi msuweni wa alamu anga aja, ndikamuthamangitsa garaja yapita. Ndipo dzulo wandilembera kuti akufuna kubwera ndi chibwenzi chake.

Wa ku Mayfair
Achimwene tafunsa edition, ndipo aganyuwo alipo angati? Awiri ndi nkhani ina, khumi ndi nkhani ina. Akakhala ambiri aziyenda pa initiative imodzi (onse nthawi imodzi pa ndewu), damage muzingotenga ya pakati osaponyaponya. Akakhala mmodzi amene anthu amukonda mupangeni sidekick, mthandizi wokwera nawo level, malamulo ake ali mu buku la Tasha's Cauldron of Everything la 2020, Warrior, Expert kapena Spellcaster.

Chemwali wa Night Shift
Ine zolankhulitsazo ndimangolemba pa kakhadi, dzina, chimene akufuna, ndi khalidwe limodzi. Wina akusunga ndalama ya chiwongo, wina amaopa madzi, wina amaba mchere. Alankhule kamodzi pamoto usiku basi, osati sewero lonse. Kakhadiko kakhale patsogolo pa amene anamulemba, saiwalikanso. Ndipo chibwenzicho chipatseni wanyaleyo chisewere, muone ngati msuweniyo amutsogozenso pa msampha.

Mkulu wa Madayisi
Sidekick ndi chani, waganyu wokwera level yekha osadya gawo la munthu? MORALE. 2d6. Ndalemba kangati kodi. Tengani Old-School Essentials ndi malamulo omwe aja a 1981 angowasanja bwino, mukandithokoza.

Mayi a Twins
Admin gulu ili tinatsegulira ma transporter ndi zipinda za lendi.

Mnyamata wa Rosettenville
Pepani kulowerera, malo alipo patebulopo? Ndili pafupi, buledi ndibweretsa.

Mkulu wa Madayisi
Usanakwere taxi yamba wafunsa edition mphwanga.